Yankho kwa azakhali: za laputopu ndi zojambulira nyimbo

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko ku Luchenza? Uthenga wanu uja ndaumvera wonse, ndiye ndati ndiyankhe ndi pakamwa pompano pagulu, kuti amalume nawonso amve. Mwati msuweni wangayo akufuna kuika zinthu ziwiri mu laputopu ija munamugulira ya sukulu, komanso akupempha ndalama ya maikolofoni ndi masipika kuti azijambula nyimbo kunyumba, ndipo inu mukuopa kuti aiwononga. Ine ndikuti muloleni. Laputopu siwonongeka ndi zimenezo akatsata ndondomeko. Koma ndalama musatulutse kaye, mumve zonse.

Chimene akunenacho ndi ichi. Mkati mwa laputopu muli disiki, mmene mumakhala zonse, ndipo panopa yonseyo yatengedwa ndi Windows. Iye akufuna kuigawa pawiri, ngati mmene mumamangira khoma pakati pa chipinda chachikulu kuti ana awiri aliyense akhale ndi kwake. Mbali ina Windows, mbali ina Linux, imene ndi pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta ngati Windows yomweyo. Mukayatsa, imayamba yakufunsani kuti mulowa kuti. Anyamata amati dual boot. Palibe kumasula kanthu, palibe kuwotcherera.

Nanga akuvutikiranji? Eee, apa ndinene chilungamo. Nyimbo akhoza kuyamba ngakhale lero pa Windows yomweyo. Koma pulogalamu imene anyamata ambiri amapangira ma beat, FL Studio, ndi yogula, ndipo ambiri amangotenga yakuba pa fulashi ya mnzawo, ija amati ya crack. Imeneyo ndi imene imabweretsa mavairasi, azakhali, ndipo ndi imene ndingaiope pa laputopu ya sukulu. Ku Linux kuli mtundu wina wotchedwa Ubuntu Studio, anaukonzera anthu a nyimbo ndi mavidiyo. Ndi waulere, wololedwa, ndipo umabwera kale ndi Ardour yojambulira ndi kusakaniza mawu, Audacity, ndi Hydrogen ya ng'oma. Akhoza kuwonjezera LMMS, imene kagwiridwe kake kakufanana ndi FL. Chinanso, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu ambiri akale amene timagula ku Limbe salola Windows 11 chifukwa imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Ndiye mwana wodziwa Linux sasowa kolowera. Kwa ine zimenezi ndi sukulunso. Windows isachoke, chifukwa za kusukulu zili kumeneko, komanso FL Studio ilibe mtundu wa Linux, tsiku lina akadzaigula adzaifuna Windows yomweyo.

Tsopano mupatseni foni amve yekha, chifukwa apa ndilowa m'kati.

Msuweni, tamvera. Usanakhudze chilichonse, koperatu zonse. Ma assignment, zithunzi za azakhali, zonse, uziike pa fulashi ina kapena pa disiki yakunja, ndipo utsegule mafayilo angapo uone kuti akutsegukadi. Usanene kuti ndingochita mosamala. Kugawa disiki ndi ntchito imene magetsi akazima pakati, kapena ukadina polakwika, zinthu zimapita osabweranso. Ukapanda kuchita ichi, zina zonsezi usayambe n'komwe.

Kenako uone ngati disikiyo ndi yokhoma ndi BitLocker, malaputopu ena amabwera atakhoma kale mwini wake osadziwa. Ngati ndi yokhoma, upeze recovery key, ndi manambala 48, uwalembe papepala usunge. Ukasintha za kayatsidwe Windows ikhoza kukufunsa manambala amenewo, ndipo popanda iwo sulowa. Chabwino koposa ndi kuzimitsa BitLocker kaye mpaka utamaliza. Uzimitsenso Fast Startup, ili ku Power Options mu Control Panel. Imeneyo imachititsa kuti Windows isazime kwenikweni, imangogona, ndiye Linux ikafuna kulemba mbali ya Windows imakanika, mwinanso mafayilo amasokonekera.

Malo uwapatule uli mu Windows momwemo. Tsegula Disk Management, dina kumanja pa C, sankha Shrink Volume. Ine ndingapatule 80 GB kapena 100 GB, usapange nawo kanthu, angokhala opanda kanthu choncho. Koma ngati disiki yonse ndi ya 128 GB, usagawe. Mudzapanikizana nonse awiri, Windows idzasowa popumira. Zikatero bola ndalama yoyamba ipite pa disiki yokulirapo, ya mtundu wothamanga uja wa SSD. RAM, memore imene laputopu imagwirira ntchito, ikhale 8 GB, ya 4 GB imayenda koma ukangochulutsa matiraki iyamba kudukiza mawu.

Ubuntu Studio utenge ya LTS, monga 24.04, chifukwa ndi imene imasamalidwa zaka zingapo. Fayilo yake ndi yaikulu, imadya bandulo, ndiye usathe mayunitsi a azakhali, ndili nayo ndikutumizira pa fulashi. Ukafuna kupanga wekha fulashi yoikira Linux, pulogalamu yake ndi Rufus, fulashi ikhale ya 16 GB, ndipo dziwa kuti imafufuta zonse za pafulashipo. Poyatsa, ngati ndi HP dina F9, Dell ndi Lenovo kawirikawiri ndi F12, usankhe fulashi. Usathamangire kuika. Imalola kuti uiyese kaye ili pafulashi pomwepo, osakhudza disiki. Uyese Wi-Fi, uyese mawu, kiyibodi, touchpad. Zonse zikayenda, ndiye uike.

Pamene ndikufuna umvetsetse ndi apa. Idzakufunsa kuti iike bwanji. Pali mzere wonena kuti Erase disk, pali wina wonena kuti Install alongside Windows. Woyambawo usaukhudze, umasesa zonse, Windows ndi za sukulu zomwe. Ukaona kuti wa alongside palibe, ima pomwepo, ujambule sikirini unditumizire. Nthawi zambiri zimakhala kuti Windows inaikidwa mu kayatsidwe katsopano ka UEFI koma fulashi wayatsira mu kakale ka Legacy, kapena BitLocker ija ikadali yokhoma. Ndipo uchite masana batire litadzaza, chaja ili pakhoma. Windows imakhala yoyamba, Linux pambuyo, chifukwa ukadzaikanso Windows pamwamba imakonda kukankha kamndandanda kosankhira kaja, GRUB. Zimakonzeka, koma ndi ntchito.

Kanthu kena kakang'ono kuti usadzadabwe. Ukachoka ku Linux kulowa Windows udzapeza wotchi yatsalira ndi maola 2. Sikuti yawonongeka. Linux imasunga nthawi ya UTC, Windows imawerenga ngati ndi ya kwathu, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola 2. Chokonzera chake ndi mzere umodzi wolemba mu terminal, kawindo kolemberamo malamulo ku Linux, timedatectl set-local-rtc 1, ndikulembera pansipa. Komanso Linux imawerenga mafayilo a ku Windows, koma Windows siona za ku Linux. Ndiye nyimbo zomaliza uzisunga mbali ya Windows kapena pa disiki yakunja.

Chabwino, bweza foni kwa azakhali, tikambe za ndalama.

Azakhali, masipika asiyeni. Ndikudziwa kuti ndi amene akuwalakalaka chifukwa studio imaoneka studio ndi masipika, koma m'chipinda cha simenti chopanda siling'i mawu amagunda khoma n'kubwerera, ndipo sipika yodula imamunamiza munthu. Amaona ngati bass yakwana, akakaiika m'minibasi ya ku Limbe n'kupeza ndi zina. Poyamba agule zitatu: interface, maikolofoni ndi mahedifoni.

Interface ndi kabokosi kolumikiza pa USB, maikolofoni imalowa mmenemo, mahedifoni amatulukira mmenemo. Ndi kamene kamachotsa phokoso lija la fwee limene limamveka mukajambulira pa kabowo ka laputopu. Odziwika ndi Focusrite Scarlett ndi Behringer, monga UMC202HD, imene ndi yotsikirako mtengo. Ubwino wake pa Linux mumangolumikiza basi, safuna driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo. Pa Windows akatenge driver ya ASIO ya kampani yake, popanda imeneyo mawu amachedwa, munthu waimba kale koma m'makutu akumva pambuyo. Ine ndingakonde ya mabowo awiri a maikolofoni. Lero akuimba yekha, mawa kwaya ya kutchalitchi idzamupempha, kapena adzafuna gitala ndi mawu nthawi imodzi. Mitengo sinditchula chifukwa ikusintha mwezi ndi mwezi, koma ngati ndi ya kaunjika ayese mabowo onse ndi batani la 48V asanalipire.

Pa maikolofoni ndiye ndikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene anyamata amataya ndalama. Pali mitundu iwiri. Condenser ndi ija mumaona m'mavidiyo, yolendewera, yokongola, imafuna moto wa 48V kuchokera ku interface. Imamva chilichonse. M'studio yeniyeni zimenezo ndi zabwino, koma kwanuko imva tambala, imva chigayo, imva kabaza yodutsa pamsewu, imva inu mukusuka mbale panja. Mvula ikagunda malata ndiye basi. Ndiye pali chinyezi. Inu mukudziwa mmene chiperoni chimakhalira ku Thyolo ndi ku Mulanje, June ndi July zovala osauma, makoma kuchita thukuta. Condenser sigwirizana ndi chinyezi, imayamba kuthetheka ndi kulira yokha. Dynamic ndi ija ya pamanja, ya kutchalitchi, monga Shure SM58. Imamva kwambiri chimene chili pafupi ndi pakamwa, sifuna 48V, ndipo ndi yolimba. Kwa iyeyu dynamic ndiye yoyenera, ndipo ngati adzafune kujambula ng'oma za tchopa imapirira kugunda kwake. Angochenjera, za SM58 zachinyengo zadzaza m'mashopu, mtengo ukatsika kwambiri akayikire. Bola kugula dynamic ya dzina lina yeniyeni kusiyana ndi yonamizira. Timamaikolofoni tija totchipa tolembedwa BM-800, towala ngati golide, ayi. Akadzagula condenser mtsogolo aziisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'bokosi la nsapato.

Mahedifoni akhale otseka khutu lonse, monga Audio-Technica M20x, kuti beat isatulukire kunja n'kulowanso mu maikolofoni. A Bluetooth ayi, amachedwetsa mawu. Kenako chingwe cha XLR ndi choimikira maikolofoni. Kasefa koika kutsogolo kwa pakamwa akhoza kupanga yekha ndi waya ndi sokosi yopyapyala ya amayi. Kiyibodi asagule msanga. Ma Yamaha PSR ambiri a m'matchalitchi ali ndi kabowo kumbuyo kolembedwa USB to Host, akabwereka n'kulumikiza ndi chingwe ngati cha pulinta imagwira bwinobwino.

Chipinda sichifuna ndalama. Mabulangete ochindikala pakhoma kumbuyo kwa woimba, matiresi oimika pakona, katani pawindo, mkeka kapena kapeti pansi. Matireyi a mazira amene anthu amamata aja satseka phokoso lakunja, amangosunga mphemvu. Ndipo ajambule nthawi imene mudzi wakhala bata.

Za magetsi, laputopu ili ndi mwayi woti batire ili nalo, ndipo interface imadya moto wa pa USB, ndiye magetsi akazima ntchito siima. Akamva kulira kwapansipansi m'mahedifoni, kwa mmm, azule chaja ajambulire pa batire, nthawi zambiri kumatha pomwepo. Mugule extension yokhala ndi surge protector, chifukwa pobwera magetsi ndi pamene zinthu zimapsa. Mphenzi zikayamba, monga zimachitira kuphiri uko nthawi ya dzinja, azule zonse pakhoma.

Msuweni, ngati ukumverabe, manambala ako ndi awa. Jambula pa 48 kHz, 24 bit. Buffer, muyeso wa mawu amene laputopu imakonza pakamodzi, ikhale 128 kapena 256 pojambula, posakaniza ukweze ifike 1024 kuti laputopu ipume. Gain, kabatani kokwezera mawu a maikolofoni pa interface, usatsegule mpaka nyali yofiira, mawu azifika cha pa -12 dB, chifukwa mawu osweka sakonzeka. Ukafuna pulogalamu imodzi yoti pulojekiti yomweyo izitseguka mbali zonse ziwiri, yesa Reaper. Ili pa Windows ndi pa Linux pomwe, amakupatsa masiku 60 oyesera, ndipo layisensi ya munthu wapanyumba ndi madola 60. Koma usankhe imodzi uidziwe bwino, usamangodumphadumpha. Nyimbo zikadzayamba kutuluka tidzakambirana za kulembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, pano si nthawi yake.

Azakhali, za sukulu zimene mwadandaula ndazimva, ndipo mukunena zoona. Mugwirizane naye masiku, mwina Loweruka ndi Lamlungu akaweruka kutchalitchi, ndipo nthawi ya mayeso interface izikhala m'chipinda mwanu. Ine pa mahedifoni ndithandizapo, amalume mwina atigwira dzanja pa maikolofoni.

Ndiye madzulo ano atumize zithunzi ziwiri. China alowe ku Settings, System, About, chionetse purosesa ndi RAM. China ndi cha Disk Management, chonse, chooneka bwino. Ndikaziona ndimuuza kuti agawe zingati, kapena ngati tiyambire pa SSD. Mpaka pamenepo asadine kalikonse. Fulashi ndipatsira munthu wa minibasi Lachisanu, ndidzakuimbirani ikanyamuka ku Limbe. Mupereke moni kwa agogo.