Kupolisi mukalembetse mawu amene ankanena pomumenya

Achimwene, mwafunsa ngati kukanena kupolisi kuli ndi phindu pamene mng'ono wanu wamenyedwa ku Durban, omumenyawo akumukuwiza kuti "kwerekwere, bwerera kwanu" (kwerekwere ndi mawu onyozera obwera kuno ku South Africa). Ena muno akuti musiyireni Mulungu. Ine ndikuti pitani, ndipo musachedwe.

Kukayika kwanu ndikukumvetsa. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera mu South Africa. Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anamuwotcha wamoyo anthu akuonerera, ndipo palibe amene khoti linamupeza wolakwa. Mu Epulo 2015 Emmanuel Sithole anamubaya mpaka kumupha ku Alexandra, mu Johannesburg. Poti wojambula wa nyuzipepala anajambula zonse, awiri analamulidwa kukhala kundende zaka 17 ndi 10. Koma akuluakulu a boma ankaumirira kuti kunali kuba chabe, osati chidani. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa chidani chikapanda kulembedwa, mawa amati kulibe.

N'chifukwa chake polemba sitetimenti musalole wapolisi angolemba kuti "anamenyedwa". Mng'ono wanuyo anene mawu enieni amene ankamunena, m'chilankhulo chomwe anawanenera, ndipo awerenge asanasaine. Atenge nambala ya mlandu, dokotala adzaze fomu ya J88, yolembapo mabala ngati umboni wa kukhoti, mabalawo asanapole, mujambule mabalawo pafoni, mulembe mayina a mboni lero lomwe, anthu amasamuka msanga kuno. Mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la milandu ya chidani, ndipo dziko lochokera komanso kukhala wobwera zili m'gulu la zifukwa zimene lamulolo likutchula. Woweruza sangalote chifukwa chimene sichinalembedwe.

Palinso Equality Court, imene ambiri aife sitiidziwa. Imapezeka kukhoti la majisitireti, sulipira kanthu potsegula dandaulo, ndipo loya si wokakamiza. Imamva za tsankho ndi mawu achidani, ikhoza kulamula chipukuta misozi kapena kupepesa.

Makhoti akuno anaimirapo obwera. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, Khoti la Malamulo Aakulu linagamula kuti anthu a ku Mozambique okhala ndi chilolezo chokhazikika asamanidwe ndalama za chithandizo cha boma.

Ngati mapepala ake sali bwino ndipo akuopa, ayambe waonana ndi a Lawyers for Human Rights, bungwe la maloya oteteza ufulu wa anthu, amulangize asanapite kupolisi. Ndipo asapite yekha, mumuperekeze.