Kuyamba yoga munthu atakula kale

Mayi, mwafunsa ngati munthu amene wathyola tiyi zaka zambiri kuno ku Thyolo mpaka msana kuyamba kuwawa angayambe yoga (masewera olimbitsa thupi podziwongola ndi kupuma modekha) atakula. Ine ndikuti angathe. Bambo B.K.S. Iyengar a ku India, omwe anabadwa mu 1918, ali mwana anadwala malungo ndi chifuwa chachikulu, komabe anaphunzitsa yoga mumzinda wa Pune kuyambira mu 1937, ndipo ankaichitabe atapitirira zaka 90. Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti ankaganizira ofooka thupi, moti wolephera kuwerama mpaka pansi ankamupatsa chidutswa cha thabwa, lamba kapena mpando kuti atsamire. Inunso yambani ndi mpando wapakhomopo, mukupuma modekha, koma msanawo akauone kaye a chipatala.