Ndisiye kuimba mpaka chikhulupiriro chibwerere?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amatsogolera nyimbo zopembedza kumpingo kwawo. Mwana wawo wachisamba anamwalira chaka chatha, atadwala nthawi yaitali mpingo wonse ukusala kudya ndi kumupempherera. Tsopano akagwira maikolofoni, nyimbo ikafika ponena kuti tapereka zonse kwa Ambuye, pakhosi pamauma. Akuona ngati akunamiza Mulungu ndi anthu omwe, ndiye akufunsa ngati n'koyenera kutula pansi udindowu mpaka mtima utakhala m'malo.

Pepani kwambiri mayi ndi zovuta zakugweranizi. Ngati mwatopa, pumulani ndithu, si tchimo. Koma ngati mukufuna kuchoka chifukwa choganiza kuti munthu wokayika sayenera kuimba pamaso pa Mulungu, pamenepo ine ndikukana.

Tsegulani Salimo 88. Hemani, amene analemba, akudandaula kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza. Akuti Mulungu wamuponya kudzenje, wamuthamangitsira abwenzi kutali, ndipo akufunsa ngati akufa angadzuke kuti atamande. Masalimo ambiri odandaula amatembenuka chakumapeto, woimbayo n'kunena kuti komabe ndidzatamanda. Ili ayi, limathera mumdima momwemo. Tsono taonani timawu tili pamutu pake: linaperekedwa kwa mkulu wa oimba. Ndiye kuti panali anthu amene ankaliphunzira n'kuliimba pagulu, ansembe ali pomwepo. Pa masalimo onse 150, odandaula chonchi ndi ambirimbiri. Asafu naye mu Salimo 73 akuvomera poyera kuti anatsala pang'ono kuterereka ataona oipa zikuwayendera.

Ife kuno nyimbo zolira tinazisungira pasiwa. Amayi a Mvano amachezera nazo usiku wonse, ndipo zimagwira mtima. Koma tikangochoka kumanda, Lamulungu lotsatira tabwerera ku nyimbo zakuti ndapambana, adani anga achita manyazi, kiyibodi ili pamwamba, anthu thukuta kamukamu. Chonsecho namfedwa chisoni chimam'gwira zenizeni anthu atabalalika. Ndimakonda kuvina kutchalitchi, musandimve molakwa, koma mpingo umene uli ndi nyimbo za chikondwerero zokhazokha umasiya anthu ngati inu opanda choimba.

Mu Ogasiti 1932, woimba wina wa ku Chicago ku America, Thomas Dorsey, anali ku St. Louis kumsonkhano wachitsitsimutso pamene analandira telegalamu yoti mkazi wake Nettie wamwalira pobereka. Khandalo nalo silinakhalitse. Iye mwini anadzafotokoza kuti ankaona kuti Mulungu wam'lakwira, moti sankafunanso kumutumikira kapena kupeka nyimbo zauzimu. M'masiku amenewo ndi mmene munachokera "Take My Hand, Precious Lord". Mulibe kudzitama m'nyimboyi. Munthu akungonena kuti watopa, wafooka, agwiridwe dzanja. Woimba wotchuka Mahalia Jackson anaiimba pamaliro a Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda, mu 1968.

Tsono za kudzipereka. Ambiri timaimba mawu amenewa ngati lipoti la ntchito imene tinamaliza kale, n'chifukwa chake akukutsamwitsani. Ndani mwa onse okweza manjawo anaperekadi zonse? Ku Getsemane, Yesu anayamba wapempha kuti chikho chimupitirire, ndipo Mateyu akuti anabwerera kukapemphera katatu. Mawu oti kufuna kwa Atate kuchitike anatuluka pakamwa pomwepo, m'pemphero lomwelo. Bambo uja wa pa Marko 9:24 ananena kuti akukhulupirira, n'kupemphanso kuti athandizidwe pa kusakhulupirira kwake, ndipo mwana wake anachiritsidwa. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ikhoza kukubayani, poti wanu sanachire. Sindikuitchula kuti ndikulonjezeni kanthu, koma kuti muone kuti Yesu sanam'bweze munthu wolankhula choncho. Mzere ukukuvutaniwo muziuimba ngati pempho. Tsiku limene sukutuluka, khalani chete, anzanu akuimbireni.

Kambiranani ndi wotsogolera gulu lanu, mumuuze zoona zake monga mwandiuzira ine. Mukhoza kupatsa wina maikolofoni n'kuima kumbuyo kwa miyezi ingapo. Ndipo ngati ali womva, mupempheni kuti muike Salimo 13 kapena 42 m'chuni chathu chomwechi, loyamba lija ndi mavesi 6 okha, muliyese pa mapemphero a pakati pa sabata musanalitengere ku Lamulungu.