Tifunseni: Onse pamodzi amawerenga, payekha mwana amangoti chete

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 2 kufupi ndi Malindi, ku Mangochi. Ana alipo 100, mabuku ndi ochepa, ndipo ambiri kwawo amalankhula Chiyao. Ndikalemba mawu pabolodi onse amawerenga mokweza, koma ndikaimiritsa mmodzi amangondiyang'ana. Phunziro la tsiku ndi tsiku ndiziliyendetsa bwanji? Mphunzitsi, Malindi.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mumamvazo si kuwerenga ayi. Ana ochepa akutsogolo ndiwo amatsogolera, enawo amangovomereza ngati nyimbo. Mwana akhoza kutha chaka chonse akuvomereza chonchi osadziwa chilembo ndi chimodzi chomwe, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni chifukwa phokosolo limabisa vuto lake.

Tiyerekeze kuti phunziro lanu ndi la mphindi 30. Mphindi zisanu zoyamba zikhale za khutu lokha, choko chili pansi. Tchulani mawu monga mutu, nsomba, mango, ndipo ana aimike chala akamva liwu la m koyambirira. Kenako lembani chilembocho, muchiphatikize ndi a, e, i, o, u, mupange mawu awiri kapena atatu basi. Tsatirani njira ya Pulogalamu ya Kuwerenga imene boma linakhazikitsa mu 2016: muyambe ndinu kuchita, muchitire limodzi ndi ana, kenako ana achite okha. Gawo lachitatuli ndi limene limadyedwa nthawi zambiri, poti mphunzitsi amatalikitsa kufotokoza belu n'kulira. Lisungireni mphindi zosachepera 10. Ana akhale awiriawiri, wina aloze ndi chala, mnzake awerenge, kenako asinthane. Ngati buku limodzi likugwiridwa ndi ana asanu, awiri amaliona chozondoka. Ndi bwino kudula makatoni, kulembapo maphatikizo, gulu lililonse lilandire mulu wake.

Mukamaloza pabolodi musatsate ndondomeko ya ma, me, mi, mo, mu nthawi zonse. Dumphadumphani. Woloweza amagwidwa pomwepo.

Za Chiyao, musachione ngati chopinga. Mwana amene amati somba kapena mesi akudziwa kale chinthucho, chikumusowa ndi dzina la Chichewa lokha. Muloleni atchule m'chinenero chake, inu mumupatse nsomba ndi madzi, muonetse chithunzi. Maliwu monga z ndi v sapezekapezeka m'Chiyao, choncho apatseni masiku owonjezera, ana aone mmene milomo ndi mano anu zikuchitira. Amene walakwitsa asasekedwe, chifukwa akasekedwa kamodzi satsegulanso pakamwa.

Pa masamu, mwana aliyense akhale ndi kathumba ka nthanga za malambe kapena zitsekerero za mabotolo 20, ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Pochotsa 8 pa 23, amasule mtolo umodzi ndi manja ake. Amene sanamasulepo mtolo ndi amene amalemba 25, poti amangochotsa 3 pa 8 n'kusiya 2 momwemo. Maphunziro awiriwa aikeni m'mawa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'mbali mwa nyanja kukafika, nthawi yotsalayo ndi ya nyimbo, kujambula ndi nthano pamthunzi.

Tsiku lililonse itanani ana asanu, aliyense mphindi imodzi, akuwerengereni payekha anzake akulemba. M'masiku 20 a sukulu mudzakhala mutamva ana onse 100. Lembani m'kope maphatikizo amene aliyense wakanika, ndipo okanikawo muwasunthire kutsogolo. Kopelo mukalionetsenso kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, akabwera kudzayendera.

FUNSO: Ine sindinapite kusukulu. Mdzukulu wanga ali Sitandade 1, masana amapita kumadrasa. Ndingamuthandize chiyani? Agogo, Makanjira.

YANKHO: Agogo, thandizo lanu ndi lalikulu ndithu. Madzulo mumuuze alembe pamchenga chilembo chimene waphunzira, akuuzeni liwu lake ndi zinthu zitatu za pakhomo zoyamba ndi liwulo. Awerengenso usipa pathandala kapena mbale mukatsuka. Mphindi 10 zakwana. Chachikulu n'chakuti asajombe: tsiku limodzi lopita kudoko m'mawa ndi chilembo chimodzi chomudutsa, ndipo akajomba mumuperekeze mawa lake mukapemphe aphunzitsi amubwerezere.