Usiku umene anandichotsera tsamba

Achimwene, ndawerenga kawiri zoti akupatsani mpando wa mkonzi wa nkhani zamalonda ndiye mukufunsa ngati mulandire, ndipo mtima wandithamanga ngati ndine ndaitanidwa. Mpando umenewo ndinaukhalapo zaka 6. Ena muno mukudziwa kuti ndinachoka moipa, koma zambiri zimene munamva zinali za m'maluwa, ndiye lero ndinene ndekha.

Munali mu 2012. Amene munali kale pantchito mukukumbukira kuti pa 7 May kwacha inagwa, dola imene tinkagula K168 n'kufika K250. Anthu amakumbukira mtengo wa shuga ndi mafuta, koma ife ku nyuzipepala chinatipweteka ndi pepala. Pepala losindikizira, inki, zipangizo za makina, zonse zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja. Ndalama ya munthu wogula nyuzi pamsewu siikwana n'komwe kulipira zimenezo. Malipiro anu amachokera ku ma advert, ndipo oika ma advertwo ndi mabanki ndi makampani omwewo amene inu muziwalemba tsiku ndi tsiku. Mnzanu wa nkhani zandale akakwiyitsa nduna amatchuka, anthu amamugulira mowa. Inu mukakwiyitsa kampani, anzanu a muofesi momwemo amakuyang'anani ngati mwatayira ana awo ufa.

Lamulo la penshoni linali litayamba kugwira ntchito mu 2011, loti bwana aziika 10 peresenti, wantchito azidulidwa 5 peresenti, zonse zizipita kwa osunga penshoni. Tsiku lina mnyamata wanga, mtolankhani wongochoka kumene ku sukulu ya utolankhani ya MIJ, anabwera ndi envelopu akunjenjemera. Anamupatsa mayi wina wa ku akaunti pa kampani ina yaikulu. Dzina sinditchula, ndipo musavutike kundifunsa ku inbox. Kampaniyo inkadula antchito 5 peresenti ija mwezi uliwonse, pa payslip zikuoneka bwinobwino, koma ndalamazo sizinkapita kulikonse. Mu envelopumo munali makalata awiri a osunga penshoni okumbutsa ngongole, ndi memo yam'kati yonena kuti ndalamazo ziyambe zaombola katundu amene anatsakamira padoko ku Beira. Alonda, madalaivala, amayi osesa, onse ankadulidwa osadziwa kuti akukongoza bwana wawo.

Tinachita zonse mwadongosolo. Mafunso tinatumiza Lolemba m'mawa. M'malo moyankha, mneneri wawo anandiimbira kuti akulu, bwanji tikumane pa nkhomaliro ticheze ngati abale. Ndinakana. Tinafunsanso ku Reserve Bank, poti bwanamkubwa wake ndiye amayang'anira za penshoni, n'kutifotokozera zimene lamulo likunena. Lachitatu madzulo nkhani inali itapsa.

Tsiku limenelo magetsi anali atazima kuyambira masana, tikugwira ndi jenereta, muofesi monse fungo la dizilo. Tsamba ndinaliwerenga katatu, nambala iliyonse ndinaiyerekeza ndi mapepala aja, n'kusayina. Ndinatuluka kukagula chipisi pamsewu chifukwa ndinali ndisanadye kuyambira m'mawa. Pobwerako, cha m'ma 9 usiku, mnyamata wopanga masamba akukana kundiyang'ana kumaso. Ndikuyang'ana pa kompyuta yake, tsamba langa palibe. Pamalo pake pali chithunzi cha bwana wa kampani yomweyo akupereka cheke chachikulu chija cha katoni pa sukulu ina, ana atafola, iye akumwetulira mano onse panja. Mutu wake unali woyamikira. Pamwamba pa tsambalo dzina langa lilipobe ngati mkonzi.

Ndinamufunsa kuti wakuuza ndani. Anati abwana athu a panyuzipepala aimba. Anaimbira iyeyo, mwana wa giredi yotsika, osati ine. Ndinaimba foni ya abwanawo, inaitana katatu n'kuzimitsidwa. Ndinatsika pansi chipisi chili m'manja, n'kuwapeza pamalo oimika magalimoto ali m'galimoto ndi mkulu wa ma advert, injini ikulira. Anatsitsa galasi theka lokha. Mawu awo sindidzawaiwala: “Akulu, mwezi uno mukufuna kulandira kapena simukufuna?” Mkulu wa ma advert uja akungoseweretsa makiyi, osanena kanthu. Kenako abwana anafewetsa mawu. Anati nkhaniyo sinafe, ingodikira sabata imodzi maloya aione, ndiye ndiwapatse mapepala aja.

Ndinawapatsa. Ndinakwera ndekha masitepe, ndinatsegula ndekha dirowa, ndinawapititsira pagalimoto. Palibe anandigwira pakhosi. Ndinali nditatopa, ndipo ndinkafuna kukhulupirira kuti munthu amene anandiphunzitsa ntchito sanganditaye. Sindinaganize n'komwe zoti pakona ya memo ija panali chidindo cholandirira makalata, pomwe mayi uja anasayinapo zilembo zoyamba za dzina lake.

Lachisanu masana mayiyo anachotsedwa ntchito, mlonda akumuperekeza mpaka pageti. Anaimbira mnyamata wanga, mnyamatayo anangondipatsira foni osalankhula. Mayiyo sanatukwane ayi, bola akanatukwana. Anangoti, “Bambo, munati simudzaonetsa munthu.” Kumbuyo ndinkamva phokoso la maminibasi. Ndinayesa kufotokoza za maloya, ndinadzimva ndekha kuti ndikulankhula zopusa, ndinangokhala chete mpaka mayunitsi ake anatha. Anali ndi ana atatu pasukulu. Mnyamata wanga anatenga chikwama chake n'kutuluka, ndipo ngakhale anabwerera pantchito, sananditchulenso kuti bwana mpaka ndinachoka.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Lolemba ndikulandira kalata yondiitanira kobwalo la muofesi. Mlandu wake woti ndinapempha ndalama ku kampani ija kuti ndiphe nkhani. Umboni wake kalata ya mneneri uja, munthu amene tauni yonse ikudziwa kuti m'galimoto mwake simusowa maenvelopu a atolankhani. Wakana nkhomaliro ndi ine, wakuba ndi ine yemwe. Ndipo wapampando pa mlanduwo anali abwana omwe aja a galasi la theka. Anandiimitsa kaye, kenako anandiuza kuti ndikasiya ndekha adzandilembera kalata yabwino. Ndinayesa zakukhoti, ndalama ya loya inanditha, ndinazisiya. Sabata yomwe ndinachokayo kampani ija inaika ma advert a tsamba lathunthu masiku atatu otsatizana.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti bamboyo ndimamuona pa 3 May chaka chilichonse, tsiku la ufulu wa atolankhani, atavala tisheti, ali kutsogolo pa ndawala, akulankhula za kulimba mtima. Ana a ku koleji akumuombera m'manja. Akanangondiuza maso ndi maso kuti mphwanga, nyuzipepala yathu ilibe ndalama, nkhaniyi sitingaikwanitse, ndikanakwiya koma ndikanamva, chifukwa mabuku a ndalama a nyuzipepalayo ndinkawadziwa, malipiro anali atayamba kale kuchedwa. Koma kutenga mapepala a mayi wosauka n'kukawapereka ngati nsembe, kenako n'kundipaka ine matope kuti iye aoneke woyera, zimenezo ndiye ayi. Tinakumana pamaliro ena chaka chatha, anatambasula dzanja akuti zakale zinapita. Ndinamupatsa moni chifukwa panali pasiwa.

Ndiye mukuti mulandire? Landirani. Inde ndikudziwa zimene ndangolembazi, koma landirani. Cashgate itaphulika mu 2013 ndinali nditachoka kale ku nyuzipepala, ndikulembera mabungwe malipoti, ndipo ndinkawerenga nyuzi zala zikuyabwa. Palibe ntchito ina imene inandipatsa zimene ndinkamva tsiku la bajeti ku Nyumba ya Malamulo, nduna ikuwerenga mawu okoma ife tili kalikiliki kufufuza m'mabuku aja kuti msonkho watsopano aubisa pati. Kapena tsiku lotsegulira msika wa fodya ku Kanengo, mlimi ataimirira pambali pa belo lake akuona ogula akudutsa osaima. Ukalemba bwino zimenezo, munthu wa ku Kasungu amamvetsa chimene chamudyera ndalama yake.

Koma manambala muwadziwe, chifukwa apo m'pamene amatinyozera. Kuchoka pa K168 kufika K250, dola yakwera ndi pafupifupi 49 peresenti, pomwe kwacha yataya pafupifupi 33 peresenti ya mphamvu yake. Ziwirizi zonse n'zoona, koma mukazisakaniza m'nkhani imodzi, a ku banki amakusekani ndipo tsiku limene mudzawalembe zoona adzati uyu sadziwa masamu. Zomwezo zinasokonezanso anthu mu November 2023 pamene kwacha inagwanso ndi 44 peresenti ija. A NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, akati inflation (liwiro la kukwera kwa mitengo) yatsika, musalembe kuti mitengo yatsika, ikukwerabe, kungoti pang'onopang'ono. Lipoti lapachaka la kampani ya pa msika wa masheya muziyambira kumapeto, kumene kuli tizilembo ting'onoting'ono, uthenga wa wapampando uli kutsogolo uja ndi nyimbo chabe.

Mapepala a munthu wokutsinani khutu musapatse aliyense. Kaya ndi bwana, kaya loya, kaya mkazi wanu. Koperani zofunikazo pamanja, jambulani mutaphimba zidindo ndi masiginecha, enieniwo akakhale kunyumba kwa mbale wanu amene sawerenga nyuzi. Masiku ano mulinso ndi lamulo lopezera uthenga lija linayamba kugwira ntchito mu 2020, ife tinalibe, ndiye za m'boma muziyamba mwapempha polemba kalata.

Mkulu wa ma advert mupange mnzanu. Muzimwa naye, muzidziwa makampani asanu amene akusunga nyuzipepala yanu mwezi umenewo. Nkhani ikakhudza imodzi mwa asanuwo, musalimbane nayo nokha ngati mmene ndinachitira ine. Ipatseni mnzanu wa pa wailesi kapena wa pa intaneti aiphulitse, inu mudzaitsatire mawa lake aliyense akuikamba kale, apo bwana sangaichotse. Ena muno anena kuti umenewo ndi mantha. Mwina. Amene akutero ambiri sanakhalepo miyezi 7 osalandira, landilodi akugogoda.

Chipondamthengo, ndalama ija makampani amapatsa atolankhani, musalandire. Ndikunena ine amene ndinalandirapo kangapo, makamaka mu 2011 mafuta akusowa, pamene kampani ikakuitanira ku msonkhano ku nyanja n'kukupatsa ya mafuta umangothokoza Mulungu. Koma dziwani kuti amalemba. Pa mlandu wanga uja anatulutsa pepala la zaka ziwiri m'mbuyo pomwe ndinasayinira ya thiransipoti, ndalama yosakwana n'kugula thumba la chimanga, n'kumati mwaona khalidwe lake. Ngati mwapanikizika n'kulandira, musasayine dzina lanu lenileni, kapena ayi, ingokanani basi, sindikudziwanso ndikuuzeni ziti.

Musanasayine kontirakiti afunseni kuti tsamba likatsekedwa, ndani ali ndi mphamvu yolitsegulanso, ndipo yankho lake alilembe. Adzaseka, adzati zimenezo sizichitika kuno. Ndipo mundiuze ku inbox kuti akuti akupatsani zingati, chifukwa anthu amenewa ndimawadziwa, amayamba ndi theka la ndalama imene anaikonza.