Kuyankha funso la achimwene a pulojekiti ya mode converter

Achimwene mwafunsa kuti mode converter pa radar imagwira ntchito yanji, komanso bwanji osangolumikiza ndi waya wa coax ngati wa dishi uja basi. Ndiyankha motalikitsa, mundipirire.

Coax ukampatsa mphamvu zambiri sachedwa kutentha, pulasitiki ya mkati ija imasungunuka ndipo siginolo yambiri imangothera m'njira. Nchifukwa chake ma radar akuluakulu amadutsitsa mafunde mu waveguide, paipi ya kopa kapena aluminiyamu yopanda kanthu mkati. Yodziwika kwambiri ndi WR-90, mkati mwake ndi 22.86 mm ndi 10.16 mm, imanyamula kuyambira 8.2 mpaka 12.4 GHz. Miyezo imeneyi simasewera ayi, paipi ikachepa mafunde sadutsa nkomwe.

Tsono mafunde mu paipimo amayenda mwa kaonekedwe kosiyanasiyana, ndiye ma mode amenewo. Mode iliyonse ili ndi dzina lake, mu paipi ya makona anayi timafuna yotchedwa TE10, mu yozungulira TE11. Vuto ndi loti makina ambiri otulutsa mphamvu zoopsa zija amatulutsa mode ina yotchedwa TM01, ndipo TM01 mukaiponya pa antena momwemo mphamvu imathawira m'mbali, pakati penipeni pomwe mwalozetsa palibe kanthu. Radar yoti siona chomwe yayang'ana ndi ya ntchito yanji? Converter ndi imene imatembenuza TM01 kukhala TE11 kuti mphamvu ipite kutsogolo. Koma musaide TM01, pa joyinti pomwe antena imazungulirapo ndi yomweyo imene imafunika chifukwa mbali zonse ndi yofanana, antena izungulire bwanji siginolo sisintha.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa, poti pa mutu wa pulojekiti yanu mwalemba broadband (kugwira pa bandi yaikulu, kutanthauza ma frequency ambiri) ndi high power (mphamvu zambiri) pamodzi. Ziwirizi pamodzi zimavuta zedi. Mukasintha paipi mwadzidzidzi, sitepe imodzi basi, imagwira bwino pa frequency imodzi yokha, mukasuntha pang'ono mphamvu imabwerera komwe yachokera n'kukaononga makina. Ganizirani lole yodzadza mbatatesi ikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kona yakuthwa siyingakhote ili pa liwiro, imafuna kona yotambasuka. Mafunde nawo chimodzimodzi, mumaika masitepe angapo, iliyonse kutalika kwake pafupifupi kota ya wavelength (kutalika kwa funde limodzi) ya mu paipimo, kapena kuchepetsa paipi pang'onopang'ono, bandi imakula koma chipangizo chimatalika n'kulemera. Palinso converter ya paipi yopindapinda, imeneyi imadalira kusiyana kwa liwiro la TM01 ndi TE11, ndipo kusiyanako kumasintha ndi frequency, ndiye musadabwe ikakupatsani bandi yochepa.

Ena amathamangira kuika ma sikuluu ndi timapini mkati kuti bandi ikule. Pa mphamvu zochepa zimatheka, koma pa high power ine sindingavomere. Mpweya wamba umathetheka moto pa 30 kV pa sentimita imodzi kapena chapompo, ndipo magetsi amaunjikana pa nsonga iliyonse yakuthwa, ngakhale kachitsulo kotsalira powotcherera kapena kafumbi. Mukatsegula paipi yomwe yathetheka mumapeza kadontho kakuda pakona, ndipo ikayamba pamenepo imangobwerezabwereza. Nchifukwa chake makona amawasalaza, mkati amapukuta mpaka kuwala, ena amapopamo mpweya wouma kapena gasi wa SF6, ena amachotsamo mpweya onse.

Langizo langa, musanajambule kalikonse lembani kaye bandi yomwe mukufuna ndi mphamvu yake, kenako yesani pa kompyuta. Mapulogalamu a CST ndi HFSS ndi odula, koma openEMS ndi yaulere, imayenda pa laputopu. Yang'anani zinthu zitatu, mphamvu yobwerera, kuchuluka kwa TE11 yomwe yatuluka, ndi pomwe magetsi aunjikana kwambiri.

Ndipo chonde, wina mu gulu muno wanena zochotsa magnetron, kachipangizo kotulutsa mafunde, mu microwave ya kukhitchini kuti muyesere. Musayerekeze achimwene. Transformer ya mu microwave imatulutsa mavoti opitirira 2,000, capacitor imasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi, ndipo mafunde a 2.45 GHz amaononga maso munthu usanamve ululu. Mukafuna kuyeza pemphani network analyzer, makina oyezera mafunde, ku labu ya kusukulu kwanu, imayeza ndi mphamvu yochepa kwambiri.