Kodi Uthenga Wabwino umagawanitsa mabanja?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chibavi, kuno ku Mzuzu. Nditabadwanso mwatsopano chaka chatha, ndinakana kusonkha ndalama za mowa wa pa mwambo wa chiliza cha malemu bambo anga, moti achimwene ndi amalume sakundiyankhulanso. Abusa akuti ndisadandaule chifukwa Yesu anabwera kudzagawanitsa. Kodi ndi zoona?

Yankho: Mayi, mawuwo alipodi pa Luka 12:49-53, pomwe Ambuye akunena kuti anadza kudzaponya moto pa dziko lapansi ndi kuti m'nyumba ya anthu asanu, atatu adzatsutsana ndi awiri. Komatu pamenepa ankafotokoza zimene zimachitika anthu akalandira uthengawo mosiyana, sankatuma ophunzira ake kukayambitsa mikangano.

Motowu ndi woyenga, ndipo Malaki 3:2-3 akusonyeza kuti umayambira pa ana a Levi, otumikira m'Kachisi, osati pa anthu akunja. Choncho woyamba kuyengedwa ndi wokhulupirira mwini wake, kuti kunyada, ukali ndi mtima wodziona woyera kuposa abale zipserere. Pa Mateyu 3:12, Yohane Mbatizi akuyerekeza Khristu ndi munthu wopeta, ndipo inu amene mumagwira lichero tsiku ndi tsiku mukudziwa kuti chimanga sichidzipeta chokha. Ife tili m'licheromo. Si ife olekanitsa gaga ndi mphale.

Mbiri ya chigawo chathu chino ikuchitiranso umboni kuti si mgawano uliwonse umene umabwera chifukwa chokana Uthenga. Pamene Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda amene anadzozedwa ndi Mishoni ya Livingstonia mu 1914, anachoka n'kuyambitsa mpingo wake mu 1933, mbali zonse ziwiri zinkalalikira Khristu yemweyo. Nkhani inali ya ulamuliro wa amishonale pa abusa achikuda.

Simunalakwe kukana mowa ngati chikumbumtima chanu sichikulola, koma ndikukayika ngati munawauza amalume zimene mungathe kuchita. Aroma 12:18 akutiuza kukhala mwamtendere ndi anthu onse monga momwe tingathere. Pitani kumudzi, mukagwade pamaso pawo, mukapemphe kuti gawo lanu likhale matumba a simenti ndi ndiwo za pa tsikulo, ndipo mukaphike nawo nsima. Akakakanabe zimenezi, musaleke kuwapatsa moni ndi kuwazonda akadwala.